Dzina Lachitatu pa Pepala la Mbatatesi

"Ili ayi, Doctora. Ili sindingalilandire."

A Doña Hermelinda anakankhira kafulashi kumapeto kwa tebulo ndi chala chimodzi, ngati akuchotsa ntchentche yakufa. Anali atagwira ntchito mu laibulale ya yunivesite yathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Tsopano ndiwo ankasunga nkhokwe ya pa intaneti, momwe kafukufuku aliyense wolipiridwa ndi boma amayenera kuikidwa kuti aliyense aziwerenga mwaulere.

Nélida Paucar anali ataima patsogolo pawo, jekete asanavule n'komwe.

"Koma ndi pepala langa, Doña Hermelinda. Ndinalilemba ndi manja angawa. Taonani dzina langa pamwambapo."

"Dzinalo ndi lanu, inde, koma pepalali si lanunso. Munaligulitsa kwa azungu."

"Kugulitsa? Sindinalandire ngakhale kandalama ka sol imodzi ine!"

"Ndiye munawapatsa ulere. Ha, koma anthu ophunzira inu! Mayi wogulitsa anyezi kumsika sangachite zimenezo." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi juzi. "Ili lokongolali, lokhala ndi chizindikiro cha magazini yawo, ndi katundu wawo. Wofuna kuwerenga alipire madola makumi anayi. Ine nditaliika m'nkhokwe muno, mawa maloya awo alembera a Rector, akulu a yunivesite, ndipo wotha ntchito ndi ine. Chimene amalola ndi lija munawatumizira komaliza, lija anati tavomera, asanalikongoletse. Lokhala ngati homuweki ya mwana wa sukulu lija. Muli nalo?"

Nélida anayang'ana pawindo.

"Ndikafufuza," anatero.

"Kafufuzeni msanga. Lachisanu ikangokwana 12 koloko masana, a boma ku Lima atseka. Lero ndi Lachiwiri."

Nélida sankafunika kukumbutsidwa. Kalata yochokera ku bungwe la boma limene linalipirira kafukufukuyo inali yachitatu, ndipo yachitatu imakhala yopanda moni. Wolephera kuika pepala lake poyera, dzina lake limalembedwa pa mndandanda, ndipo kwa zaka zitatu sangapemphe thandizo lina lililonse. Kwa mapulofesa okhazikika zimenezi ndi nthabwala chabe. Koma Nélida sanali wokhazikika. Kontrakiti yake inkasainidwa Disembala aliyense, ndipo malipiro ake ankachokera m'thumba la kafukufuku. Popanda kafukufuku, ntchito inali itatha. Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, mwana mmodzi wamkazi, ndi mayi wodwala mawondo amene sankathanso kukwera basi yekha.

Kunena zoona, panalibe chofufuza. Fayiloyo ankadziwa bwino pamene inali, ndipo vuto lonse linali pomwepo.

Atafika mu kaofesi kake anatseka chitseko, n'kutsegula imelo ya chaka chatha. Pepala lija linatuluka pa kompyuta, loyera, lopanda zokongoletsa. Pansi pa mutu wake panali maina atatu: Nélida Paucar, Abelardo Zegarra, Saturnino Ccanto. Pa lija la azungu, lokongola lija, maina analinso atatu, koma lachitatu linali Renzo Bustíos.

A Don Saturnino Ccanto anali wothandiza wa kumunda, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu amene sekondale sanaimalize. Kwa zaka zitatu anayenda ndi Nélida m'midzi khumi ndi inayi ya kumapiri, akung'amba mbatatesi ndi kampeni n'kumawerenga mphutsi zoboola m'kati. Ndiwo anazindikira kuti m'nyumba zimene amayi ankayala masamba a muña, chitsamba chonunkhira cha kumapiriko, pakati pa mbatatesi, mulu ndi mulu, mphutsi zinkachepa kwambiri kusiyana ndi kumene ankangowaunjika pamwamba. Pepala lonse linaima pa chinthu chimenechi. Renzo Bustíos ndiye anali ndani? Mkamwini wa a Doctor Zegarra, mkulu wa dipatimenti. Mbatatesi ankaidziwa ikakhala m'mbale basi.

Mmene zinachitikira n'zosavuta. A Doctor ndiwo ankalemberana ndi a magazini, poti ndiwo ankadziwika kunja. Pepala litavomerezedwa, kutatsala pang'ono kulisindikiza, analemba kuti pa maina panalakwika, n'kusainira aliyense. Nélida anaziona pepala litatuluka kale. Anapsa mtima, analira m'bafa, koma sananene kanthu. Akanati chiyani? A Doctor ndiwo ananyamula mwana wake Rosaura pa ubatizo. Anali compadre wake, ndipo kwathu kuno compadre sumupita naye ku komiti.

Choipa kwambiri chinali chimene anachita yekha. A Don Saturnino atamufunsa ngati pepala latuluka, anayankha kuti, "Latuluka, ndipo dzina lanu lilipo." Ankadziwa kuti madola makumi anayi sangawapeze. Loko wa madola uja, amene tonse tinkamutukwana m'misonkhano, ati akubisira amphawi nzeru, ndi yemweyo anamubisira Nélida bodza lake kwa chaka chathunthu. Tsopano boma linali litabwera ndi kiyi.

Lachitatu masana a Doctor anamutengera ku lesitilanti ya kuseri kwa msika, n'kuitanitsa msuzi wa mutu wa nkhosa mbale ziwiri osamufunsa.

"Idyani, comadre. Mwauma nkhope ngati mbatatesi youmika ya chaka chatha. Rosaura ali bwanji? Njinga ija akukwerabe?"

"Akukwera, compadre. Zikomo."

Anawafotokozera zonse. Iwo ankamvetsera uku akufinyira ndimu mu msuzi, ndipo atamaliza anaseka mpaka kutsokomola.

"Basi? N'zimene mwaondera zimenezi? Tsegulani fayiloyo, fufutani dzina limodzi, lembani lina kuti zifanane ndi la azungulo. Mphindi imodzi. Ngakhale Rosaura angakuchitireni."

"Pali fomu yolumbira kuti sindinasinthe kanthu."

"Aaa, fomu! Ku Lima ndani amawerenga? Iwo amangofuna kuona kuti kabokosi kachongedwa, azipita ku nkhomaliro."

"A Don Saturnino anayenda zaka zitatu, compadre. Tsiku lina matalala anatipeza pamwamba pa phiri, iwo anavula chofunda chawo cha poncho n'kufundika mabuku a manambala, iwo eni n'kunyowa."

"Ndipo analandira malipiro awo, mwezi ndi mwezi. Ndinawabera? Ayi. Dzina pa pepala la Chingerezi adzadya nalo chiyani munthu uja? Akufuna kukwezedwa kukhala pulofesa? Renzo ankasowa pepala limodzi lokha kuti amulembe ntchito yokhazikika. Limodzi! Mwana wanga anali ndi pakati. Inu mukanatani?"

"Ine ndakhala ndikudikira ntchito yokhazikika zaka khumi ndi chimodzi."

Anazinena asanaganize. A Doctor anaika supuni pansi, napukuta pakamwa pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali yachifundo, ndipo chifundo chimenecho n'chimene Nélida ankadana nacho kwambiri.

"Ndikudziwa, comadre, ndipo nthawi yanu ikubwera. Koma tamvani. Mukaika lakalelo momwe liliri, pa intaneti padzakhala mapepala awiri, mutu umodzi, maina osiyana. Mawa kapena mkuja wina adzaona. A magazini adzafunsa, kenako adzalichotsa pepala lonselo n'kulemba kuti munali chinyengo. Dzina loyamba pamenepo ndi la yani? Si langa. Ine zanditsalira zaka ziwiri kuti ndipume. Inu zakutsalirani zingati?"

Nélida anatakasa msuzi wake ndi supuni.

"Sindikukuopsezani ayi, Mulungu andione. Ndingamuopseze bwanji mayi wa mwana wanga wa ubatizo? Ndikungokukumbutsani kuti mu Disembala, wosaina makontrakiti ndine, ndipo ndimafuna kusaina yanu ndi mtima woyera. Idyani, msuzi wazizira."

Nélida anadya. Chimenecho ndicho chinamuwawa pobwerera, kuti anamaliza mbale yonse, n'kunenanso zikomo.

Lachinayi m'mawa anapita ku shedi ya mbewu kukaona ngati matumba a ulendo wa Lolemba akonzedwa. Anawapeza a Don Saturnino atakhala pa kabokosi, akumanga timapepala ta manambala pa matumba, tsaya litatupa ndi masamba a koka amene ankatafuna.

"Doctora! Ndamva nkhani yabwino. A Doña Hermelinda andiuza kuti mawa akutsegula pepala lathu lija. Eti ulere, aliyense?"

Nélida anatembenukira ku matumba.

"Ndi lamulo latsopano," anatero. "Koma musavutike nalo, Don Saturnino. Ndi manambala okhaokha, ndiponso lili m'Chingerezi."

"Chingerezicho n'chanu, Doctora. Ine ndikungofuna mzere umodzi. Kodi Ccanto amalembedwa mosiyana m'Chingerezi?" Anaseka, mano obiriwira ali poyera. "Mwana wanga Yolanda wati adzandisindikizira ku shopu ya fotokope. Ndinawauza kale anthu kwathu pa msonkhano wa mudzi. Ena ankandiseka, ati iwe Saturnino, azungu akulembe iwe? Nkhope ngati imeneyo? Ndinati dikirani, mudzaona. Makamaka mlamu wanga uja, amene amati ntchito yanga ndi kuwerenga mphutsi. Ameneyo ndikamupatsa kuti awerenge yekha, mokweza."

Nélida anafuna kuwauza zoona. Akanatha kunena pomwepo, panalibe wina m'shedimo. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali funso la matumba.

"Akwana angati?"

"Makumi asanu ndi atatu. Atsala asanu ndi awiri. Mukudwala, Doctora? Simukuoneka bwino."

"Mutu basi."

"Imwani tiyi wa muña. Si mphutsi zokha zimene zimauthawa."

Tsiku lonselo anangokhala akuzungulirazungulira m'maganizo. Kusaika kanthu, ntchito yatha. Kuika loona, pepala lichotsedwa, compadre asanduka mdani, ntchito yathanso, ndipo Rosaura adzafunsa kuti n'chifukwa chiyani a padrino, bambo ake a ubatizo, anasiya kubwera. Kuika losintha, ntchito ilipo. Anafufuza njira yachinayi mpaka mutu unawawadi, koma sanaipeze. Anadana ndi a Doctor, anadana ndi azungu a magazini, anadana ndi a ku Lima amene amalemba malamulo okoma atakhala m'maofesi ozizira bwino, osadziwa kuti kuno lamulo lililonse limagwera pamutu pa wa kontrakiti. Koma onsewo sanali amene ananamiza a Don Saturnino, ndipo zimenezo ankazidziwa.

Lachisanu cha m'ma 11 koloko anatsegula fayilo ija. Anaika kamzere kothwanima kumapeto kwa dzina lachitatu n'kuyamba kufufuta, chilembo chimodzichimodzi. Zinali khumi ndi zisanu. A Doctor sananame, sizinatenge mphindi. Analemba dzina la Renzo, anasunga, n'kutsika ku laibulale.

A Doña Hermelinda analowetsa kafulashi n'kusendera pafupi ndi kompyuta.

"Eya, ili ndiye lake. Mwaona? Lonyansa bwinobwino." Anayamba kukopera maina, akuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi chawo. "Paucar, Nélida. Zegarra, Abelardo. Bustíos…" Zala zinaima. "Bustíos uti? Uja wa nsapato zoyera?"

"Yemweyo."

"Kodi anafikako kumapiri ameneyu? Ine ndimaona ngati matope amamuchititsa chifuwa."

"Anathandiza pa manambala."

"Oo. Manambala." A Doña Hermelinda anamuyang'ana pamwamba pa magalasi kwa nthawi. "Nanga bambo aja andivutitsa sabata yonseyi, akufunsa kuti ndidzatsegula liti?"

Nélida anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala mphindi makumi awiri.

"Chabwino, si za ine. Ine ntchito yanga ndi kufunsa funso limodzi, ndipo ndimafunsa aliyense. Ili ndi lomwe a magazini anavomereza, simunasinthe kanthu?"

"Ndi lomwelo."

"Sainani apa."

Anasaina. A Doña Hermelinda anadina batani, n'kutembenuza kompyuta kuti aone. Pepala linali poyera, dziko lonse likhoza kuwerenga.

"Mwatsatira lamulo, Doctora. Zabwino zonse." Anamubwezera kafulashi osamuyang'ana, n'kuitana wotsatira.

Imelo yochokera ku Lima inafika masana omwewo. Inkamuthokoza chifukwa chothandiza kuti nzeru zifikire nzika iliyonse. A Doctor anamupeza pa masitepe, anamugwira phewa, n'kunena kuti Lamlungu abwere ndi Rosaura kunyumba, akazi awo akuphika nkhumba. Ananenanso kuti za Disembala asadandaule.

Loweruka m'mawa Nélida anabwera ku shedi kudzatenga makiyi a galimoto. A Don Saturnino anali pakhomo, atavala chipewa chawo cha kutchalitchi. M'manja anali ndi mapepala makumi awiri ndi awiri omangidwa pamodzi, ataikidwa m'kapulasitiki kuti asade.

"Doctora, pepani kukuvutitsani. Yolanda wasindikiza dzulo madzulo. Wayang'ana, ndayang'ana, koma mwina maso athu ndi osaphunzira. Tandilozerani."

Anatulutsa mapepalawo mosamala n'kumupatsa. Nélida anawalandira. Tsamba loyamba linali pomwepo, maina atatu, ndipo panalibe pobisala.

"Pamwambapa palibe," anatero ndi mawu otsika.

"Ndaona kuti palibe. Ndiye ndimati mwina azungu amalemba kwina."

Nélida anatsegula kumapeto, pa timizere ting'onoting'ono tothokoza. Analoza ndi chala.

"Apa."

"Pakuti bwanji?"

"Pakuti tikuthokoza boma chifukwa cha thandizo la ndalama. Tikuthokozanso alimi ndi ogwira ntchito a kumunda."

A Don Saturnino anayang'ana mzerewo nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akufuna kuuwerenga okha.

"Ogwira ntchito a kumunda," anabwereza. "Ndiye ine ndili m'menemo."

"Inde."

"Pamodzi ndi dalaivala."

Bamboyo anatembenuza masambawo m'manja mwa Nélida mpaka pa loyamba.

"Nanga Bustíos ameneyu ndi wa mudzi uti? Sindikumukumbuka. Kapena anabwera tsiku lija ndinapita kumaliro?"

"Ndi mkamwini wa a Doctor."

"Aaa." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa feteleza. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino, Nélida akanapeza polirira. "Chaka chatha chija munandiuza kuti dzina langa lilipo. Munali musanaone?"

Bodza lina linali pafupi, lophweka, longofuna kuti avomere ndi mutu. Koma linamukanika.

"Ndinali nditaona, Don Saturnino."

"Nanga ili latsopanoli, analemba ndi azungu?"

"Ayi. Ili ndinasintha ndine. Dzulo."

Bamboyo anatenga mapepala aja m'manja mwake. Sanawabwezerenso m'kapulasitiki. Anawapinda pakati, n'kuwapindanso, n'kuwalonga m'thumba la jekete. Nélida anafuna kufotokoza za kontrakiti, za Rosaura, za mawondo a amayi ake, koma zonsezo bamboyu ankazidziwa kale, ndipo naye anali ndi ana.

"Mlamu wanga akundidikira pa basi," anatero a Don Saturnino. "Ndinamuuza kuti tipitire limodzi, akawerenge pa msonkhano wa mawa."

Anayenda mpaka pa geti, kenako anaima. Nélida anaganiza kuti tsopano amuuza kuti apeze wothandiza wina, ndipo mumtima anafuna kuti atero. Koma malipiro a bamboyu ankachokera m'thumba lomwelo limene iye anali atangolipulumutsa. Bamboyo anatembenuka, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Lolemba tinyamuka nthawi yanji, Doctora?"

"6 koloko," anatero Nélida.

"Ndidzapakiriratu matumba."